Kumanda Kulibe Wapabenchi

1. Masamba pamsewu

Lachisanu masana, Levison akuchokera ku Nsaru pa njinga, anapeza masamba aawisi atayalidwa mopingasa msewu polowera m'mudzi mwawo. Anatsika panjingapo n'kuvula chipewa. Mwana aliyense wa m'mudzi wa Msampha amadziwa kuti masamba akagona chotere pamsewu ndiye kuti kwagwa zovuta.

Amayi awiri amene ankachokera kumjigo anamuuza kuti a Jailos atisiya m'mawa womwewo, ndipo maliro aikidwa mawa lake, Loweruka.

"Loweruka?" anafunsa Levison.

Amayiwo anayang'anizana. Munthu akamva za imfa amayamba wapepesa, kapena kufunsa kuti malemuwo amadwala chiyani. Koma mnyamata uyu anafunsa za tsiku, ngati kuti imfa inayenera kuyamba yamufunsa iye ngati ali ndi mpata.

Chimene chinamuvuta chinali ichi. Levison, amene anali atangolemba mayeso a Fomu 4, ankasewera m'timu yotchedwa Mphezi za Nsaru. Sunali mpira wamiyendo ayi. Anali masewera a pafoni, aja amene anthu asanu amalimbana ndi asanu anzawo, gulu lililonse likuteteza linga lake n'kumafuna kugwetsa la anzawo. Akuluakulu ankati n'zachibwana, koma zachibwanazo zinali ndi ligi yake, makochi, mayunifomu, ngakhalenso malipiro a pamwezi ochokera ku kampani ina yogulitsa mafoni.

Ligiyo inayamba anthu atangokolola chimanga, ndipo matimu ankakumana Loweruka lililonse mu holo ina mumzinda wa Lilongwe. Poyamba a m'tauni ankaseka, amvekere akumudzi abwera kudzaona magetsi. Pofika Okutobala kusekako kunali kutatha, chifukwa Mphezi zinali zitafika mu semifainolo, ndipo semifainoloyo inali mawa.

Ntchito ya Levison m'timumo inali yonyamula chishango. Iye ndiye ankayenda patsogolo kutchinjiriza anzake, ndipo wina akagwa ankabwerera kukamudzutsa, ngakhale pakhale poopsa chotani. Oonerera anafika pomupatsa dzina loti Sasiya Mnzake.

Koma kumudzi dzina lake linali lina. Kumeneko anali mwana wamwamuna yekhayo wa a Boniface, bambo amene anakumbira anthu manda zaka zambirimbiri, koma tsopano anali chigonere ndi matenda a m'chifuwa chiyambire dzinja. Mwambo wa m'mudzimo unali wakuti pakagwa maliro, nyumba iliyonse itulutse mwamuna mmodzi wokathandiza adzukulu kukumba manda. Kwa a Boniface mwamuna woyenda anali Levison yekha.

2. Chenjezo la a Zakeyu

Chakumadzulo Levison anapita kusiwa. Amayi a Chigwirizano ankaimba m'nyumba, ndipo abambo anakhala pansi pa mtengo wa mango akuyankhula motsitsa mawu. Asanakhazikike n'komwe, a Zakeyu, mkulu wa adzukulu, anamukodola n'kupita naye kuseri kwa khola.

"Levison, ndakuitanira pambali pano chifukwa sindifuna kukuchititsa manyazi pagulu," anayamba motero a Zakeyu. "Ine amene adandiphunzitsa kuyeza manda ndi bango ndi bambo ako, ndiye ndikamayankhula nawe ndikuyankhula ndi mwana wanga.

"Munthu sadziika yekha. Akhale wolemera chotani, akhale wophunzira chotani, tsiku lakelo amasowa manja a anzake. Ife kumanda sitiitana maina ngati kusukulu, koma maso amaona, ndipo anyamata saiwala. Maliro a mayi Ezeliya sudaoneke, tidati mwana ali ndi mayeso, msiyeni. Maliro a mwana wa kwa a Gomani sudaonekenso, tidamva kuti uli ku tauni ukutobwanya foni. Anzako adadandaula, ine ndidawaziziritsa mitima chifukwa cha ulemu wa bambo ako. Ulendo uno sindingathenso.

"Taona mmene nthaka yaumira mwezi uno. Khasu likumalira ngati lagunda mwala, ndipo anyamata atsala ochepa, ambiri adapita ku Joni. Otsalawo anenetsa kuti nyumba imene siituluka mawa, tsiku la zovuta zake idzakumba yokha. Iwe ukudziwa mmene zinthu zilili kwanu. Sindikulosera zoipa ayi, Mulungu awachiritse a Boniface. Koma maliro n'kulirana, mwanawe."

Levison anayang'ana pansi. "Ndamva, bambo. Kungoti mawa tili ndi…"

"Ndikudziwa zimene uli nazo mawa," anamudula mawu a Zakeyu. "Kodi ukuyesa a Jailos analibe zochita mawa?"

Atatero anabwerera kumtengo wa mango kuja, n'kumusiya mnyamatayo ataima yekha pakhola.

3. Nzeru ya Levison

Ali pomwepo anaimbira foni Paulo, kochi wa timu yawo, amene analinso ndi shopu yokonza mafoni pa Nsaru.

"Pepa aise, maliro ndi maliro," anatero Paulo atamva nkhaniyo. "Khala, usadandaule. Enock alowa m'malo mwako, ndiyo ntchito ya wapabenchi imeneyo. Koma ndikuuziretu kuti tisadzadane. Timu ikawina ine sindiisintha. Enock akachita bwino mawa, fainolo asewera ndi iyeyo."

Mawu otsirizawo anamulasa Levison. Enock anali mwana wa aphunzitsi ena amene anasamukira pa Nsaru chaka chatha kuchokera ku tauni. Ligi yonse anaithera pabenchi, akunyamulira anzake matchaja ndi madzi, koma aliyense ankadziwa kuti zala zake n'zachangu. Levison sankaopa kuti Enock akaluzitsa timu. Ankaopa kuti akawinitsa.

Apa m'pamene inamufikira nzeru imene iye anaiona ngati yakuya. M'masewera awo munthu akavutika, wina amakhala pampando wake ndipo palibe amene amadandaula, bola pampandopo pakhale munthu. Nanga kumanda sankafuna munthu mmodzi wa khasu? Anaimbira Enock.

"Aise, mawa m'mamawa ubwere kwathu. Pali kantchito kakang'ono."

"Kantchito kanji?"

"Ukandiimirire kumanda. Ukangogwira khasu pang'ono ndi anyamata ena, basi. Akungofuna kuti nyumba yathu ioneke."

Enock anayankha kuti, "Bwanji osangochita zoongoka? Iwe upite kumanda, ine ndipite ku tauni. Ine ndine wapabenchi wa timu, eti? Sindine wapabenchi wa mudzi wanu."

"Nkhwazi za Kawale, zimene tikukumana nazo mawa, si timu yophunzirirapo, aise. Ukalowa iwe tituluka tonse. Undithandize mawa lokha, pa fainolo ndidzamuuza Paulo akupatseko gemu imodzi."

Enock anakulira m'tauni, kumene manda amakumba ndi anthu olipidwa, choncho sanaone chachilendo chachikulu. Komanso gemu imodzi ya fainolo inali yaikulu kwa munthu amene anakhala miyezi yonseyo akuonerera anzake. Anavomera.

Kutacha, Enock anafika pa njinga atavala nsapato zake zoyera. Levison anatenga khasu la bambo ake kuseri kwa chitseko n'kumupatsira, akumulozera njira ya kumanda. Mayi ake, a Tereza, amene anagona kusiwa, anali akungofika kudzawapatsa amuna awo mankhwala, ndipo anaona zonse.

"Iwe Levi, mlendoyu akupita kuti ndi khasu la bambo ako?"

Levison anafotokoza mwachidule, maso ali kumbali. A Tereza anakhala pansi pakhonde.

"Yunifomu wavalayo ndakhala ndikukuchapira chaka chonse, sindidakuletsepo," anatero. "Anthu akamati mwana wanu wapenga ndi foni, ine ndimakuikira kumbuyo, chifukwa shuga amene bambo ako amamwera phala amachokera komweko. Koma lero ndikukupempha, ine mayi ako. Tsiku lija bambo ako adakomoka, a Jailos adamanga ng'ombe pangolo mvula ili pamsana, n'kuwatengera kuchipatala. Anali ndi anyamata aganyu pakhomo pawo, koma sadatume munthu, adabwera okha. Iwe lero ukuwatumizira mlendo amene sadziwa ngakhale nkhope yawo? Masewera adzabweranso chaka chamawa, mwananga. Munthu amaikidwa kamodzi."

M'nyumba a Boniface anatsokomola nthawi yaitali. Levison anayang'ana kuchitseko, n'kuponya phazi limodzi ngati akufuna kulowa. Nthawi yomweyo kumsewu kunalira hutala ya njinga yamoto ya kabaza imene anapangana nayo.

"Ndibwera msanga, amayi," anatero.

Anavala jekete pamwamba pa yunifomu ngakhale kunja kunali kutayamba kale kutentha. Pamasamba paja wakabaza anazimitsa injini n'kukankha njinga yake mwaulemu, Levison akutsatira pambuyo atazyolika. Atangodutsa anakwera, ulendo wa ku Nsaru kukapeza minibasi.

4. Khasu lodziwika

Enock anapeza adzukulu atayamba kale ntchito m'kankhalango ka kumanda. Fumbi lofiira linali litawakuta mpaka m'nsidze. Atamuona onse anaima, pakuti nkhope yake inali yachilendo.

A Zakeyu anamulonjera bwinobwino, kenaka analandira khasu lija n'kuliyang'anitsitsa. Mpini wake unali wakuda ndi thukuta la zaka zambiri, ndipo chakumutu unali womangidwa ndi waya.

"Khasu ili ndikulidziwa," anatero. "Mwana wa mwini wake ali kuti?"

"Wapita ku gemu, bambo. Ine ndine Enock, wapabenchi wa timu yathu. Wandituma kuti ndidzalowe m'malo mwake."

Mnyamata wina amene anali m'dzenje anaponya fosholo kunja. Wina anaseka, koma sikunali kuseka kwa chimwemwe. A Zakeyu anakweza dzanja ndipo onse anakhala chete.

"Mwana wanga, iwe sudalakwe, ndipo tikuthokoza kuti walawirira m'mawa chonchi chifukwa cha mnzako. Koma kuno si kumunda kumene munthu amalemba waganyu. Makasu sitikuwasowa, tili nawo. Amene tikufuna ndi mwana wa nyumba ija, kuti a Jailos aperekezedwe ndi anthu amene adadya nawo, adakangana nawo, adabwerekana nawo nkhwangwa. Akadabwera yekha n'kudzati, 'Akuluakulu, ndapanikizika, ndiloleni ndikumbe pang'ono ndinyamuke,' tikadamvana, ifenso ndife anthu. Koma iye waona kuti a Jailos ndi mpando wongofunika kukhalapo munthu. Kumanda kulibe wapabenchi, mwanawe. Pita bwino, ukapereke moni kwa aphunzitsi. Khasuli lisiye."

Enock anabwerera wamanyazi, nsapato zake zoyera zija zitafiira. Adzukulu anapitiriza kukumba osayankhulana, ndipo aliyense wodziwa anyamata a kumudzi akudziwa kuti akakhala chete pantchito zinthu sizili bwino.

5. Sasiya Mnzake

Mu holo ya ku Lilongwe munali modzaza. Osewera khumi anakhala pamipando yawo kutsogolo, mafoni m'manja, ndipo zonse zimene ankachita zinkaoneka pa sikirini yaikulu ya pakhoma. Timu yoyamba kuwina magemu awiri ndiyo inkapita ku fainolo.

Gemu yoyamba Mphezi zinawina mosavuta. Yachiwiri Nkhwazi za Kawale zinabweza, ochemerera awo n'kuyamba kuimba nyimbo yonyoza akumudzi. Yachitatu inali ya wafawafa.

Chakumapeto kwa gemuyo Tiyanjane, mtsikana amene anali katswiri wolasa wa Mphezi, anagwetsedwa pafupi ndi linga la adani. Paulo anakuwa kuti onse abwerere akateteze kwawo. Anzake atatu anabwerera, koma Levison anatembenuka yekha, chishango patsogolo, n'kudutsa pakati pa adani mpaka pamene panagwera Tiyanjane. Anamudzutsa mphamvu zake zitatsala pang'onong'ono kutha. A Kawale anali atathamangira kutsogolo poganiza kuti zatheka, ndipo pamene ankazindikira, awiriwo anali atagwetsa kale linga lawo.

Holo yonse inaimirira. Woulutsa masewerawo anakuwa mpaka mawu kusasa: "Sasiya Mnzake! Sasiya Mnzake wa ku Nsaru!" Paulo anamunyamula m'mwamba, Tiyanjane akulira ndi chimwemwe.

Kunena zoona mnyamatayo anasewera mogometsa, ndipo n'zimene zimapweteka m'nkhani imeneyi. Mtima wobwerera kukadzutsa mnzake anali nawo. Koma nthawi imene anthu ankaimba dzina lake mu holo, ku Msampha abusa anali akutsiriza pemphero, ndipo anyamata anzake anali atagwira zingwe kutsitsa bokosi la a Jailos.

Atatuluka panja anayatsa foni yake ya m'thumba. Munali uthenga umodzi wochokera kwa Enock: "Andibweza. Khasu atenga."

Mu minibasi anzake anaimba njira yonse. Levison anangoyang'ana pawindo, ndipo Paulo atamufunsa anati mutu ukumupweteka.

6. Zimene anapeza pakhomo

Anafika m'mudzi dzuwa litapendeka. Masamba aja anali atachotsedwa pamsewu, atafota m'mphepete. Panjira anakumana ndi anyamata atatu akuchokera kukasamba kudambo. Anawapatsa moni, koma iwo anangomudutsa ngati adutsa chitsa.

Pakhomo pawo anaima chilili. Pachitseko penipeni panali patatsamiritsidwa khasu la bambo ake lija. Pambali pake panali piki, fosholo, ndi zingwe ziwiri zotsitsira bokosi zitakulungidwa bwinobwino. Zinali zida za adzukulu a mudzi wonse, dothi lofiira la kumanda likadali pomwepo.

A Tereza anali atakhala pakhonde, maso atatupa.

"Abwera nazo onse pamodzi pochokera kumanda," anatero osamuyang'ana. "Sadatukwane, sadakuwe. Angoti, 'Mayi, zida ndi izi, zikhale pafupi kuti mwana wanu asadzavutike kuzifuna.' Anthu onse obwera kumaliro amaona. Ine sindidazikhudze, ndipo sindizikhudza."

"Ababa akudziwa?"

"Chitseko chake ndi chimenechi, iwe. Ukuyesa piki ikagunda pachitseko munthu wogona m'katimo samva?"

Mawu ofooka anamveka kuchokera m'nyumba. "Levi, lowa."

Kuti alowe anayenera kusuntha zidazo. Anapeza bambo ake atatsamira khoma, bulangete lili m'miyendo, akupuma movutikira. Anagwada pafupi ndi mphasa.

"Ndamva kuti mwawina," anatero a Boniface.

"Eya, ababa."

"Wachita bwino. Ana a kuseriku amaonera pafoni, ndimamva akukuwa dzina lako lija." Anapuma kaye. "Ine sindikukalipira, mphamvu zokalipira ndilibe. Ndingokuuza chinthu chimodzi. Chiyambire kudwala kuno sindidaopepo imfa. Ndimati ndikagona pano n'kumawerenga mumtima nyumba za m'mudzi muno, palibe ndi imodzi yomwe imene sindidaikumbire. Ndimadziwa kuti tsiku langa ndidzanyamulidwa ndi manja ambiri, ndipo mayi ako sadzachita manyazi. Chuma changa chidali chimenecho, china ndilibe. Lero ndaopa, mwananga."

Levison anazyolika. Misozi inagwera pa yunifomu.

"Usalire, sindidafe," anatero bambo akewo. "Pita ukalowetse zida za eni ake, zingachite dzimbiri ndi mame. Ndipo udziwiretu kuti pamene ndidzagone ine, pafupi ndi agogo ako, pali miyala. Munthu mmodzi sangathe tsiku limodzi."

Levison anatuluka n'kuyamba kutola zidazo. Piki inali yolemera kuposa mmene ankaganizira, ndipo zala zake, zimene holo yonse inaziombera m'manja masana omwewo, zinalephera kugwira zonse pamodzi.

"A Zakeyu anatsalira pambuyo anzawo atapita," anatero a Tereza chapansipansi. "Ati anyamata akumananso kumanda m'mawa wa Loweruka likudzali, kukalambula. Ukapita wekha, utasenza zidazi pamaso pa mudzi wonse, n'kugwira nawo ntchito mpaka kumapeto, mwina akumvera. Ukapanda kuoneka, ati nkhani yatha, asadzavutikenso munthu kuwapempha."

"Loweruka likudzali?"

Apa mayi ake anadzutsa mutu n'kumuyang'ana kwa nthawi yoyamba.

"Eya, Loweruka. Kodi pali china chimene chikuchitika Loweruka?"

M'thumba mwake foni inayamba kulira. Sanafunike kuiona kuti adziwe kuti ndi Paulo, wofuna kukambirana za fainolo ya Loweruka lomwelo. Inalira, n'kusiya, n'kuyambiranso, Levison ali chiimire pakhomo la bambo ake, piki kudzanja ili, khasu kudzanja linalo.